Holide ya ku timatauni ndi kumidzi: kasankhidwe ka malo, kafikidwe, komanso chifukwa chake muyenera kugonako

Anthu ambiri akangomva zoti holide maganizo amathamangira ku mizinda ikuluikulu, Paris, Dubai, Cape Town, London ndi ina yotero. Sikulakwa ayi, koma ine ndikufuna ndikukopeni kuti ulendo uno muganizireko timatauni ting'onoting'ono ndi midzi, malo oti mutha kuwazungulira wapansi m'mawa umodzi, komwe wogulitsa buledi akakuonani kachiwiri amakupatsani moni ngati amakudziwani kalekale. Kungoti malo oterewa kakonzekeredwe kake ndi kena. Mumzinda ukatsika ndege takisi ili pompo, mahotela mbwee, zakudya usiku onse. Kumudzi basi yomaliza ikapita nde yapita basi, muonana mawa. Nde tiyeni tiyambire poyambira.

Dzifunseni kaye kuti mukukafunako chani

Musayambe ndi dzina la malo, yambani ndi mtima wanu. Mukufuna madzi, mapiri, mbiri yakale, kapena mukufuna kukaona nyumba zomangidwa mwamtundu wina umene simunauonepo? Funso limeneli likuoneka lachibwana koma ndi limene limadula mndandanda wautali uja kuti ufupike.

Ngati ndi madzi, ganizirani za Lamu ku gombe la Kenya, tauni yakale ya Aswahili yomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiyika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2001, tinjira take ndi topapatiza moti katundu amanyamula ndi abulu, magalimoto ndi owerengeka chabe. Kapena Ilha de Moçambique, kachilumba kotalika makilomita atatu okha komwe kanali likulu la Apwitikizi ku Mozambique mpakana 1898, kuli linga la São Sebastião komanso katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte komangidwa mu 1522. Ku Ulaya kuli Giethoorn ku Netherlands, komwe chigawo chakale cha mudziwo chilibe msewu wa galimoto, ndi ngalande, timilatho tamatabwa toposa 150 ndi nyumba zofolera udzu.

Ngati ndi mapiri, kuli Clarens ku Free State ku South Africa, katauni koyambitsidwa mu 1912 pafupi ndi Golden Gate Highlands National Park, kuli Semonkong ku Lesotho komwe kuli mathithi a Maletsunyane ogwa mamita 192, kuli Lauterbrunnen ku Switzerland, chigwa cha mathithi 72. Okonda mbiri apite ku Bagamoyo kumpoto kwa Dar es Salaam komwe mtembo wa David Livingstone unafikira mu 1874 pa ulendo wopita nawo ku Britain, kapena Pilgrim's Rest ku Mpumalanga ku South Africa, katauni komwe kanabadwa chifukwa cha golide yemwe anapezeka kumeneko mu 1873, olo Lalibela ku Ethiopia komwe kuli matchalitchi 11 osemedwa m'thanthwe. Za mamangidwe nde zilipo zambiri zedi, Alberobello ku Italy ndi tinyumba take ta miyala totchedwa trulli, tamadenga osongoka, tosanjidwa popanda simenti kapena dothi lomatira, Shirakawa-go ku Japan ndi madenga ake a udzu otsetsereka kwambiri kuti chipale chofewa chisamaunjikane pamwamba, Chefchaouen ku Morocco komwe makoma ambiri anawapaka utoto wabuluu.

Sankhani chimodzi kapena ziwiri pa zimenezi, osati zonse.

Kopeza maina odalirika

Zithunzi za pa Instagram ndi TikTok zimakopa inde koma zimakuonetsani ngodya imodzi yokha, nthawi zambiri ngodya yomweyomweyo imene aliyense amajambula. Pali mindandanda ina yomwe ili ndi miyezo yake yeniyeni ndipo ndi poyambira pabwino. Ku France kuli bungwe la Les Plus Beaux Villages de France lomwe linayamba mu 1982, mudzi kuti ulowemo anthu ake asapitirire 2,000 komanso ukhale ndi malo osachepera awiri otetezedwa ndi boma. Ku Italy kuli I Borghi più belli d'Italia, ku Mexico kuli Pueblos Mágicos kuyambira 2001. Bungwe la United Nations loona zokopa alendo nalo kuyambira 2021 limatulutsa mndandanda wa Best Tourism Villages, midzi ya anthu osapitirira 15,000 ya m'maiko osiyanasiyana. Palinso Cittaslow yomwe inayambira ku Italy mu 1999, matauni a anthu osakwana 50,000 omwe anasankha dala kuti moyo wawo usakhale wa liwiro.

Mukapeza dzina lotchuka musaime pomwepo. Tsegulani mapu muone midzi yoyandikana nayo, chifukwa kawirikawiri phiri ndi lomwelo, nyanja ndi yomweyo, mamangidwe ndi omwewo, kusiyana kwake ndi koti mabasi a alendo sakhotera kumeneko. Pafupi ndi Shirakawa-go kuli Gokayama, midzi ya Ainokura ndi Suganuma, inalowa limodzi pa mndandanda wa UNESCO mu 1995 koma kumapita anthu ochepa. Pafupi ndi Alberobello kuli Locorotondo. Pafupi ndi Hallstatt ku Austria kuli Obertraun ndi Gosau. Ine maganizo anga ndi oti wotchukayo mukamuone ndithu, anatchuka pa chifukwa, koma mnzake wapafupiyo mumupatsenso tsiku.

Dulani mndandanda

Apa nde pamene ambiri amalakwitsa. Munthu ali ndi sabata imodzi koma walemba midzi isanu ndi itatu m'maiko atatu, mapeto ake holide yonse imathera pa siteshoni ndi m'basi, kumasula chikwama usiku, kumanganso m'mawa, zithunzi zambirimbiri koma mukamufunsa kuti mudzi uja unali wotani sakumbuka, akusokoneza uwu ndi uja. Mapanga awiri avumbwitsa, abale. Pa sabata imodzi malo awiri kapena atatu oyandikana akwana.

Njira yabwino ndi yosankha malo amodzi ogona kenako n'kumayendera midzi yapafupi masana. Mwachitsanzo Cinque Terre ku Italy ndi midzi isanu ya m'mbali mwa nyanja, Monterosso al Mare, Vernazza, Corniglia, Manarola ndi Riomaggiore, yonse ili pa njanji imodzi pakati pa La Spezia ndi Levanto ndipo kuchoka mudzi wina kufika wina ndi mphindi zochepa chabe pa sitima. Palibe chifukwa chosamukira tsiku ndi tsiku, gonani mudzi umodzi, inayo muzikaicheza.

Nyengo

Onani zinthu zitatu, mvula kapena kuzizira, nthawi ya khamu la anthu, ndi nthawi ya chinthu chomwe mukupitiracho. Kumbukirani kuti kumpoto kwa dziko lapansi nyengo ndi yotembenuka, Disembala ndi Januwale ku Ulaya ndi ku Japan ndi chisanu choopsa ndipo dzuwa limalowa msanga, pomwe Juni ndi Julayi ndi pamene ku Clarens ndi ku Lesotho kumazizira kolowa m'mafupa. Ku Ulaya Julayi ndi Ogasiti masukulu amakhala atatseka nde kulikonse kumakhala yakaliyakali, Meyi, Juni koyambirira, Seputembala ndi Okutobala ndi bwino. Koma samalaninso, midzi ina ya m'mbali mwa nyanja nyengo yozizira ikafika malo ogona ndi odyera ambiri amatseka mpaka chaka chamawa.

Zina zimakhala ndi nthawi yake ndipo mukaphonya mwaphonya. Maluwa a m'chipululu ku Namaqualand ku South Africa, kufupi ndi timatauni ngati Springbok ndi Kamieskroon, amatuluka cha mu Ogasiti ndi Seputembala malingana ndi mvula ya chaka chimenecho. Anamgumi ku Hermanus, ku South Africa komweko, amaoneka kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala. Minda ya lavender ku Valensole ku France imachita maluwa kumapeto kwa Juni mpaka mu Julayi kenako amakolola. Ku Lalibela pa 7 Januwale ndi Khirisimasi ya tchalitchi cha Orthodox cha ku Ethiopia, kumasonkhana chinamtindi cha opembedza ovala zoyera, ndi zochititsa chidwi koma malo ogona muyenera kubukiratu kale kwambiri. Ndipo ngati mukupita ku malo a Asilamu ngati Lamu, onani ngati ulendo wanu ukugwera m'mwezi wa Ramadan chifukwa malo odyera ambiri masana amakhala otseka.

Chigawo chomaliza cha ulendo ndi chimene chimavuta

Kufika m'dziko sikovuta, tikiti ya ndege mugula, viza ngati ikufunika mufunsira nthawi ilipo, pasipoti muonetsetsa kuti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe poti maiko ambiri amafuna choncho. Chovuta ndi makilomita omalizira aja, kuchoka pa tauni yaikulu yapafupi kukafika pakhomo pomwe mukagone. Apa fufuzani mpakana mutadziwa bwinobwino.

Taonani zitsanzo izi. Siteshoni ya sitima ya Hallstatt ili tsidya lina la nyanja, mukatsika mumakwera boti kuti muoloke kukafika m'tauni, nde mukabwera ndi sitima ya usiku kwambiri muyenera kudziwiratu ngati boti lidzakhalepo. Bwalo la ndege la Lamu lili pa chilumba china, Manda, mumaolokanso pa boti. Ku Zermatt ku Switzerland magalimoto wamba saloledwa, galimoto mumaisiya ku Täsch n'kukwera sitima. Corniglia ndi mudzi wokhawo mwa isanu ija womwe uli pamwamba pa chitunda, kuchokera pa siteshoni pali masitepe opitirira 370, kabasi kalipo inde koma kakadzaza kapena mukakaphonya ndi inu, sutikesi yanu ndi masitepe amenewo. Ku Ilha de Moçambique mumalowera pa mlatho wopapatiza wa makilomita opitirira atatu.

Nde lembani papepala, osati m'foni mokha, nthawi ya basi kapena boti lomaliza lopita, ndi lomaliza lobwerera. Onaninso za Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi chifukwa mabasi a kumidzi masiku amenewa amachepa, ena sayenda n'komwe. Chodalirika kuposa zonse ndi kulembera mwini malo ogona uthenga, kumufunsa kuti kuchokera ku tauni yakuti ndifika bwanji, iye amayenda njira imeneyo sabata ndi sabata, akuuzani zomwe pa intaneti palibe, mwinanso adzabwera kudzakuchingamirani. Safunsa anadya phula. Ndipo konzani zoti mufike kukadali kowala, mudzi wachilendo usiku, misewu yopanda magetsi, netiweki ikuduladula, si zinthu zoyambira nazo holide.

Ngati mwaganiza zochita hayala galimoto tengani yaing'ono. Midzi yakale misewu yake anaimanga kulibe magalimoto, ndipo ku Italy matauni ambiri akale ali ndi chigawo cholembedwa ZTL komwe galimoto ya mlendo siloledwa, makamera amajambula nambala ndipo chindapusa chimakupezani olo mutabwerera kale kwanu. Imikani kunja kwa mudzi, lowani wapansi.

Gonaniko

Pa zonse ndalemba pano ichi ndi chimene ndikufuna mutenge. Musapite ku katauni kakang'ono n'kubwerera tsiku lomwelo. Gonaniko, olo usiku umodzi, awiri nde bwino kwambiri.

Chifukwa chake ndi ichi. Mudzi wotchuka uli ndi nkhope ziwiri. Kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 kapena 5 madzulo ndi wa alendo, mabasi akuluakulu aima pa malo oimikapo, anthu akutsatira gayidi wonyamula kambendera, pa malo ojambulira aja pali mzere, m'tinjira mukukankhana mapewa. Hallstatt anthu okhalamo sakwana 800 koma tsiku limodzi la nyengo yotentha kumafika alendo masauzande. Munthu wobwera nthawi imeneyi amabwerera akunena kuti aaa malo aja ndi odzaza, palibe chachilendo, ndipo sakunama, zimene waona ndi zimenezo.

Koma dikirani basi yomaliza inyamuke. Ogulitsa tizikumbutso ayamba kulowetsa katundu, mipando ya panja ikusanjidwa, kenako mumayamba kumva zomwe masana zinakwiririka, belu la tchalitchi, madzi akumenya pa doko, mbale zikulira m'makhitchini, agogo atulutsa mpando pakhomo akucheza ndi anzawo a nyumba yoyang'anana nayo, ana akusewera mpira pabwalo lomwe masana simukanapeza popondapo. M'mawa kwambiri nazonso ndi zina. Ku Lamu mumadzutsidwa ndi kuitana kwa mapemphero kuchokera m'mizikiti, mukatsikira ku doko mumapeza majahazi, maboti oyendera mphepo aja, akutsitsa katundu, abulu atasenzetsedwa matumba a mchenga ndi miyala akulowa m'tinjira mwini wake akuwakusa pambuyo, nthawi imeneyo palibe amene akukuonetsani kalikonse, anthu akungokhala moyo wawo ndipo inu mwapezekapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zimenezi wa ulendo wa tsiku limodzi saziona.

Malo ogonawo sankhani a eni mudzi, kagesitihausi koyendetsedwa ndi banja, chipinda pa famu, kaloji kakang'ono. Ku Shirakawa-go nyumba zina za madenga a udzu zija zimalandira alendo, mumagona pansi pa mphasa zawo za tatami ndipo chakudya chamadzulo ndi cham'mawa amakuphikirani eni nyumba. Ku Alberobello mutha kugona mu trullo weniweni, kamodzi ka tinyumba ta miyala tija. Zipinda m'malo oterewa zimakhala zochepa kobasi nde bukani msanga, makamaka ngati ndi nyengo ya anthu ambiri. Musanalipire funsani zinthu zingapo, kuti malowo ali m'kati mwa mudzi kapena kunja makilomita angati, madzi otentha alipo, chotenthetsera chipinda chilipo ngati ndi kozizira, neti ya udzudzu ilipo ngati ndi kotentha, amalandira khadi kapena kashi yekha, komanso kuti mukafika mochedwa kiyi mumupeza kuti poti malo ang'ono ambiri alibe munthu wokhala pa risepushoni usiku onse. Powerenga ndemanga za anthu ena musangoona nyenyezi, werengani zatsopano, makamaka za omwe anadandaula, muone ngati chomwe anadandaulacho kwa inu ndi vuto.

Zolongedza

Chikwama chikhale chopepuka, chobereka kumsana chimaposa sutikesi ya matayala chifukwa tinjira ta miyala, masitepe, mchenga ndi maboti sizigwirizana ndi matayala. Nsapato zikhale zolimba zoti munazivalapo kale, osati zatsopano zokakutupitsani matuza tsiku loyamba. Ku Cinque Terre oyang'anira derali amaletsa kuyenda m'njira za m'mapiri mutavala mapatapata ndipo pali chindapusa, poti anthu ambiri ankavulala n'kumafunika kukapulumutsidwa. Juzi kapena jekete tengani olo kukhale kotentha, kumapiri dzuwa likangolowa kumasintha.

Kashi wa dziko limenelo mutapiretu ku tauni yaikulu, ndipo akhale wosinthasintha, chifukwa midzi yambiri ilibe ATM, ina ilipo imodzi yomwe itha kukhala yopanda ndalama tsiku lomwe mwafikalo. Mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku tengani okwanira ndi ena apadera, famase itha kukhala kutali. Mapu a dera lonselo muwasunge m'foni muli pa netiweki yabwino kuti azitseguka popanda intaneti, pawabanki ikhale yodzaza, adaputa ya soketi ya dzikolo, katochi, ndi botolo la madzi lodzazanso. Inshuwalansi ya paulendo musaione ngati kutaya ndalama, kumudzi chipatala chachikulu chimakhala kutali ndipo kunyamulidwa kukafika kumeneko n'kumene kumadula.

Malo ena ali pamwamba kwambiri, Lalibela ndi mamita pafupifupi 2,500, Ollantaytambo ku Peru pafupifupi 2,800, mpweya kumeneko ndi wochepa nde tsiku loyamba yendani pang'onopang'ono, imwani madzi ambiri, mutu ukamapweteka kwambiri kapena mukamabanika musalimbe mtima, uzani eni malo.

Tsiku lofika

Siyani katundu, sambani, kenako funsani mwini nyumba mafunso atatu, kuti iye amakadya kuti, msika umakhalapo tsiku liti, ndi malo ati omwe alendo ambiri sapitako koma iye amawakonda. Mukatero tulukani muzungulire mudzi wonse popanda pulani, foni ili m'thumba. Kwerani pa malo okwera, kaya ndi nsanja ya tchalitchi, kaya kaphiri, kaya khoma la mpanda ngati la ku Rothenburg ob der Tauber ku Germany lomwe mutha kuyenda pamwamba pake, kuti muone mmene mudziwo unakhalira, komwe kuli mtsinje, minda, manda, msika.

Chakudya musachedwe nacho. Khitchini ya m'mudzi ili ndi nthawi yake, ku Italy ndi ku Spain mashopu ambiri a m'matauni ang'ono amatseka masana kwa maola angapo, ku Germany ndi ku Austria Lamlungu pafupifupi mashopu onse amakhala otseka. Malo odyera ngati alipo awiri kapena atatu okha, dutsaniponi masana muwauze kuti madzulo mubwera, akusungireni tebulo.

Masiku otsatira chitani mosemphana ndi khamu. Malo otchuka aja kawaoneni m'mamawa kapena madzulo, masana pamene mabasi afika inu tulukani m'mudzi, kayendeni m'njira za m'minda kapena m'mapiri, pitani ku mudzi wapafupi uja, kapena kalowe mu mgodi wa mchere wa ku Hallstatt womwe anthu anayamba kukumbamo zaka masauzande zapitazo ndipo ndi umene unachititsa kuti pamalo popanikizika chonchija, pakati pa phiri ndi nyanja, pakhale tauni. Musananyamuke ulendo wa m'mapiri funsani ngati njira ndi yotsegula, ku Cinque Terre njira zimatsekedwa kukagwa mvula yamphamvu chifukwa cha kugumuka kwa nthaka, ndipo njira yotchuka ya Via dell'Amore inakhala yotseka kuyambira 2012 mpaka 2024 miyala itagumukira anthu. Uzaninso mwini nyumba komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kubwerako.

Kumbukirani kuti ndi kwa eni

Ichi chimandikhudza kwambiri. Nyumba yokongola yomwe mukuijambulayo muli munthu, mwina akudwala, mwina wagona poti wagwira ntchito usiku, mwina akungofuna kumwa tiyi pakhonde pake popanda kamera kumuloza. Ku Giethoorn timilatho tambiri timapita pakhomo pa munthu, si njira ya aliyense, koma alendo amaoloka n'kulowa m'minda ya maluwa ya eni ake kukajambulitsa. Ku Hallstatt zinafika poti mu 2023 anaika mpanda wamatabwa kwa kanthawi pa malo otchuka ojambulira, ndipo chaka chomwecho anthu a m'tauniyo anachita zionetsero n'kutseka msewu wolowera. Anthu safika pamenepo chifukwa chodana ndi alendo, amakhala atatopa.

Nde munthu musamujambule musanapemphe, makamaka ana, ndipo akakana nenani zikomo muzipita. Geti lotseka musatsegule, pawindo musasuzumire. Usiku tsitsani mawu, m'tinjira topapatiza phokoso limalowa m'nyumba iliyonse. Drone musaulutse musanafunse, malo ambiri ndi yoletsedwa. Kavalidwe onani mmene eni ake akuvalira, ku Lamu zovala zosambira ndi za kugombe basi, m'tauni phimbani mapewa ndi mawondo, ku Lalibela polowa m'tchalitchi mumavula nsapato ndipo mukapeza mapemphero ali m'kati imani kumbuyo mwakachetechete. Ku Shirakawa-go moto ndi mdani wamkulu poti nyumba ndi za matabwa ndi udzu, fodya amasutira pa malo osankhidwa okha, ndipo zinyalala zanu mumabwerera nazo. Zimenezi za zinyalala chitani kulikonse, mudzi wa anthu mazana ochepa sungakwanitse kutaya mabotolo a alendo masauzande.

Phunzirani mawu ochepa a chinenero chawo, moni, zikomo, pepani, ndi zingati. Olo mutchule mokhota anthu amasangalala kuti mwayesa, ndipo nkhope zimamasuka nthawi yomweyo.

Ndalama zanu nazo zitsale m'mudzimo. Basi ya alendo yomwe yabwera ndi gayidi wake, madzi ake ndi chakudya chake, n'kuima maola awiri, imasiya zinyalala ndi phokoso basi. Inu idyani kwa eni mudzi, tengani gayidi wa konko yemwe ali ndi chilolezo ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke kuti pasakhale kukangana pobwerera, gulani zinthu kwa amene wazipanga ndi manja ake, mukaona chinthu chomwechomwecho chili mbwee shopu iliyonse dziwani kuti chachokera ku fakitale yakutali. Kunenerera mtengo komwe ndi chizolowezi nenererani ndithu koma mwaulemu, osafinya munthu mpaka atagulitsa moluza. Ana musamawagawire ndalama kapena maswiti m'njira, zimawaphunzitsa kuthawa sukulu n'kumadikirira alendo, ngati mtima wakukhudzani funsani mwini nyumba kapena aphunzitsi kuti thandizo lingadutse kuti.

Pobwerera

Usiku womaliza lipiriranitu zonse, tsimikizaninso nthawi ya basi kapena boti kwa munthu wa konko, ndipo ngati mukufuna takisi ya m'mamawa ipanganitu dzulo lake poti mudzi wonse utha kukhala ndi madalaivala awiri okha. Musakonze zoti muchoke kumudzi tsiku lomwelo lomwe ndege yanu yobwerera ikunyamuka. Nyanja ikakalipa boti siliyenda, msewu wa m'mapiri utha kutsekeka ndi chipale chofewa kapena matope, basi ya kumudzi itha kuchedwa maola. Bwererani ku tauni yaikulu tsiku limodzi ndege isananyamuke mukagone kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo tengani nambala ya mwini nyumba uja, ngati mwaiwala chaja kapena pasipoti pansi pa pilo ndi iyeyo amene angakutumizireni pa basi yotsatira.